Mbiri ya Ponte, Nyumba Yaitali ya ku Joni

M'boma lathu lino mulibe mudzi umene sunatumizepo mwana wake ku Joni. Agogo athu anapita pansi, nawoloka Zambezi ndi Limpopo. Atate athu anatengedwa ndi Wenela ndi Theba. Ndipo ana athu a makono amakwera mabasi kukasoka zovala, kukaphika, kukasamala maluwa ndi kukagulitsa m'masitolo. Onsewa pobwera kumudzi amasimba za ntchito ndi za ndalama, koma ndi owerengeka okha amene amasimba za malo amene anali kugonapo. Chifukwa chake tayesa chinthu choyenera kuti m'lipoti la chaka chino tilembemo mbiri ya nyumba imodzi ya mumzinda wa Johannesburg, dzina lake Ponte City, imene munthu aliyense wolowa mumzindawo amaiona akali kutali. Nyumbayi inakhalapo ya ulemu, inakhalapo yonyozeka, ndipo inadzukanso. Tsono m'mbiri yake muli phunziro la chimene chimasunga nyumba ndi chimene chimaigwetsa. Phunziro limeneli likhudza abale athu amene akukhala m'mizinda ya eni, ndiponso ife amene timawatsazika ndi kuwadikira.

Malo ake ndi mamangidwe ake

Mzinda wa Johannesburg unayamba m'chaka cha 1886, pamene golide anapezeka m'zitunda za Witwatersrand. Kumpoto chakum'mawa kwa pakati pa mzindawo kuli chitunda chimene pali madera awiri oyandikana, Hillbrow ndi Berea. M'zaka za m'ma 1960 madera amenewa anadzaza ndi nyumba zosanja, momwe munali kukhala Azungu achinyamata ndi ena amene anali atangofika kumene kuchokera ku Ulaya. Kunali malo odyera ndi masitolo a mabuku otsegula kufikira usiku, ndipo munthu wofuna kukhala pafupi ndi ntchito yake anali kufunafuna chipinda kumeneko. M'chaka cha 1971 anatsiriza kumanga nsanja ya matelefoni ya ku Hillbrow, yotalika mamita 269. Ndipo patapita zaka zinayi, mu 1975, nyumba ya Ponte inatha kumangidwa m'mphepete mwa Berea.

Amisiri amene analemba mapulani ake anali atatu: Mannie Feldman, Manfred Hermer ndi Rodney Grosskopff, amene pa nthawiyo anali mnyamata wosafika zaka 30. Nyumbayi ndi ya nsanjika 54, ndipo kutalika kwake ndi mamita 173, ndiwo mapazi pafupifupi 568 pa kuyesa kwakale. Ndiye kuti kukanatheka kuigoneka pansi, ikanapitirira utali wa bwalo la mpira limodzi ndi theka. Kwa zaka zoposa 40 panalibe nyumba ina yogonamo anthu mu Africa monse yoiposa msinkhu. Muli nyumba za mabanja zoposa 400, zina za chipinda chimodzi, zina za zipinda zingapo, ndipo anthu amakwera ndi kutsika ndi zikepe. Mawu akuti chikepe si achilendo kwa akuluakulu athu amene anagwira ntchito m'migodi. Kusiyana kwake ndi kwakuti chikepe cha kumgodi chinali kuwatsitsa kunsi kwa nthaka, pamene cha ku Ponte chimakweza munthu kumwamba.

Chimene chimadabwitsa alendo ndi maonekedwe ake. Nyumbayi ilibe ngodya; ndi yozungulira ngati nkhokwe, ndipo m'kati mwake ndi mwamphako ngati nsungwi, kuyambira pansi kufikira pamwamba, popanda denga lotseka mphakoyo. Munthu akaima pansi m'kati mwa mphakoyo amaponda thanthwe lenileni la chitundacho, limene amisiri analisiya losasalaza, ndipo akayang'ana kumwamba amaona mizere ya mazenera itazungulira, ndi kadanga kakang'ono ka thambo kumapeto kwake. Mphako imeneyi sanaiike pofuna kukongoletsa ayi. Malamulo a mzinda a masiku amenewo anali kunena kuti khitchini ndi bafa zikhale ndi zenera. Tsono pokonza nyumba yozungulira yokhala ndi mphako, amisiriwo anapeza njira yakuti zipinda zogona ndi zochezera ziyang'ane kunja kumene kuli dzuwa ndi mzinda, pamene mbali ya m'kati ikulandira kuwala ndi mpweya kuchokera kumphako. Makoma ake ndi a konkire wosapaka laimu kapena utoto, monga anali kukondera amisiri ambiri a zaka zimenezo. Wokhala m'nsanjika za pamwamba amaona milu ya mchenga wa m'migodi chakumwera, bwalo la masewera la Ellis Park pafupi pomwepo, ndi midzi ya anthu olemera chakumpoto.

Anamangira yani?

Potsegula nyumbayi eni ake anailengeza monga mudzi wathunthu woimirira. Pansi pake panali malo oimikapo magalimoto, masitolo ndi dziwe losambiramo, kotero kuti munthu akanatha kukhala masiku ambiri osatuluka kunja. Zipinda anali kuzibwereketsa zili ndi mipando ndi makama omwe, ndipo nyumba za pamwamba penipeni zinali za nsanjika zitatu iliyonse, zokhala ndi zipinda zosambira nthunzi. Panalinso maganizo akuti pa thanthwe la m'mphako akonzepo malo otsetserekapo monga amachitira anthu a ku maiko a chisanu, koma zimenezi zinathera pa mapepala.

Koma zokoma zonsezi zinali za mtundu umodzi wokha. Lamulo lotchedwa Group Areas Act, limene Boma la tsankho linakhazikitsa mu 1950, linagawa mizinda monga mwa khungu la anthu, ndipo Hillbrow ndi Berea anawerengedwa madera a Azungu. Munthu wakuda anali kuloledwa kulowa m'nyumba zoterezi monga wantchito basi: wosesa, wophika, wochapa kapena mlonda. Antchito otere, amene pakati pawo mumzindawo panali anthu ambiri a kwathu kuno odziwika ndi luso la kuphika ndi kuperekera zakudya, kawirikawiri anali kugona m'tizipinda ta padenga pa nyumba zosanja. Tizipindato tinachuluka kotero kuti anthu anatitcha malokesheni a m'mwamba, ndipo mu 1955 Boma linapanga lamulo lakuti pa nyumba imodzi pasagone antchito akuda oposa asanu popanda chilolezo chapadera. Ku Ponte nakonso antchito anawaikira zipinda pamwamba. Ndipo Grosskopff anasimba atakalamba kuti akuluakulu a mzinda analamula kuti mazenera a zipindazo akhale pamwamba kuposa msinkhu wa munthu, kuti wantchito asathe kusuzumira m'nyumba za Azungu. Motero munthu wogona pamalo okwera kuposa onse mumzindawo sanali kuloledwa kuona mzinda umene anali kuutumikira.

Tikumbukenso kumene abale athu ambiri anali m'zaka zimene nyumbayi inali kumangidwa. Mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, akugona m'makomponi pa makama a simenti, kutali ndi akazi ndi ana awo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi kufikira 1977. Chuma chimene chinakweza nyumba zazitali za Johannesburg chinatuluka pansi pa nthaka ndi thukuta la anthu otere, ngakhale kuti panalibe mmodzi wa iwo amene akanaloledwa kuchita lendi chipinda m'nyumbazo.

Kugwa kwake

Ulemu wa Ponte sunakhalitse. Pa 16 June 1976, chaka chimodzi chokha nyumbayi itatsegulidwa, ana a sukulu a ku Soweto anaukira Boma, ndipo apolisi anawaombera. Kuyambira pamenepo mitima ya Azungu ambiri inagwidwa ndi mantha. Alendo a ku Ulaya ena anabwerera kwawo, ndipo amene anali ndi chuma anayamba kusamukira kumpoto, ku Sandton ndi madera ena, kumene kunali nyumba za mipanda. Zipinda zambiri za ku Hillbrow ndi Berea zinatsala zopanda anthu. Pa nthawi yomweyo m'malokesheni a anthu akuda, a Makaladi ndi a Amwenye munali kusowa kwakukulu kwa nyumba, pakuti Boma linali litachepetsa kumanga. Tsono mwini nyumba wosowa wolipira lendi anakumana ndi munthu wosowa pogona, ndipo anagwirizana mobisa, nthawi zina polemba dzina la Mzungu pa chikalata pamene wokhalamo anali wina.

Mu 1982 woweruza Richard Goldstone anagamula, pa mlandu wa mayi wina wa Chimwenye, kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba chifukwa cha Group Areas Act popanda kuganizira ngati ali ndi kwina kopita. Chigamulo chimenechi chinafooketsa lamulolo kwambiri. Malamulo a mapasi anathetsedwa mu 1986, ndipo Group Areas Act inafafanizidwa mu 1991. Koma m'zaka zonse za pakatipo anthu atsopanowa anali kukhala mozemba lamulo, ndipo munthu wozemba lamulo alibe pakamwa. Mwini nyumba akakweza lendi, sangadandaule. Mpope ukaphulika, sangaitane akuluakulu a mzinda, pakuti akatero adziulula yekha. Eni nyumba ambiri a m'deralo anaona kuti angathe kulandira ndalama zochuluka popanda kukonza kanthu. Pofuna kukwanitsa lendi yokwerayo, mabanja anayamba kugawana chipinda, ndipo malo a anthu awiri munalowa anthu ambiri. Mabanki nawonso analeka kukongoza ndalama zogulira kapena kukonzera nyumba m'deralo.

Pamene ufulu unadza mu 1994, Johannesburg inatsegukira Africa yense. Kunafika anthu othawa nkhondo ndi umphawi ochokera ku Zaire, kumene tsopano ndi ku Congo, ku Nigeria, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi kwathu kuno. Ndipo ku Ponte kunachuluka anthu olankhula Chifalansa ndi Chilingala. Ambiri a iwo anali anthu a khama, ofuna mtendere ndi ntchito. Koma popeza panalibe woyang'anira khomo mokwanira, analowanso ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi magulu a achifwamba, ndipo dzina la Ponte linasanduka mawu oopsezera. Zikepe zinali kufa kawirikawiri, kotero kuti mayi wa mwana kumsana anali kukwera masitepe mazanamazana. Anthu a pamwamba, posowa wochotsa zinyalala, anayamba kuziponya m'mphako muja, ndipo mulu wake unakwera kufikira unakwirira mazenera a nsanjika zingapo za pansi. Mphako imene anaikonza kuti ipatse anthu kuwala ndi mpweya inasanduka dzala. Mu 1998 panafika pokambirana zakuti nyumbayi isandutsidwe ndende, koma maganizowo sanachitike. Makampani akuluakulu nawo anali kuchoka pakati pa mzinda, ndipo mu 2000 msika wa masheya wa Johannesburg unasamukira ku Sandton. Pa zaka zonsezi chimene chinali kuwalabe usiku chinali chikwangwani chachikulu cha malonda pamwamba pa nyumbayo, poyamba cha Coca-Cola, ndipo kuyambira 2000 cha Vodacom.

Pano tiyenera kunena mosabisa, pakuti alipo ena, ngakhale pakati pa ife tomwe, amene amati nyumbayi inaonongeka chifukwa munalowa anthu akuda. Mawu amenewa si oona. Nyumba ya nsanjika 54 ili ngati thupi: imafuna madzi okwera ndi makina, magetsi, zikepe zodzozedwa mafuta, ndi anthu ochotsa zinyalala tsiku ndi tsiku. Zimenezi zikaleka, nyumbayo imadwala, kaya mukhale Mzungu kaya munthu wakuda. Chimene chinasintha ndi chakuti pamene khungu la okhalamo linasintha, chisamaliro chinachepa, ndipo okhalamo analibe bungwe kapena lamulo lowalankhulira.

Kudzukanso kwake

Umboni wa zimenezi ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Cha m'ma 2001 eni ake, kampani ya Kempston, anaika oyang'anira atsopano amene anayamba kutulutsa achifwamba, kukonza zikepe ndi kuchotsa zinyalala za m'mphako. Mu 2007 amalonda awiri, David Selvan ndi Nour Addine Ayyoub, anabwera ndi chikonzero chotchedwa New Ponte, chakuti akonze zipindazo mwapamwamba ndi kuzigulitsa kwa anthu a ndalama mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 usanafike. Anthu ambiri amene anali kuchita lendi anauzidwa kuti atuluke, ndipo nsanjika zambiri zinagumulidwa m'kati. Koma mu 2008 chuma cha dziko lapansi chinagwedezeka, mabanki anabweza dzanja, ndipo ntchitoyo inaima pakati. Amene anavutika koposa anali mabanja aja amene anachotsedwa pachabe.

M'chaka chomwecho ojambula zithunzi awiri, Mikhael Subotzky ndi Patrick Waterhouse, anayamba ntchito imene inawatengera zaka zingapo. Iwo anagogoda pa khomo lililonse, najambula zitseko, mazenera ndi mawailesi a kanema a m'nyumbamo, natoleranso makalata ndi zithunzi zimene osamutsidwa aja anasiya m'zipinda. Buku lawo linatuluka mu 2014, ndipo mu 2015 analandira nalo mphoto ya Deutsche Börse ku London. Zithunzi zawo zinaonetsa dziko kuti m'nyumba imene inali kuopedwa munali anthu wamba: ana ovala za sukulu, amayi ophika, ndi abambo obwera ku ntchito. Opanga mafilimu okha ndiwo anapitiriza kuionetsa monga malo a chipasuko, monga mu District 9 ya mu 2009 ndi Chappie ya mu 2015.

Kampani ya Kempston itatenganso nyumbayi inatsiriza kukonza zipinda, niika malamulo olimba a pakhomo, kotero kuti wokhalamo anali kulowa poika chala chake pa makina ozindikira zidindo za zala. Pofika m'zaka za m'ma 2010 nyumbayi inadzazanso, ndipo okhalamo ambiri anali anthu akuda a ntchito wamba ndi ophunzira, a ku South Africa komweko ndi a maiko ena a mu Africa. Mu 2012 pansi pa nyumbayi panatsegulidwa malo a ana otchedwa Dlala Nje, amene anayamba kuyendetsa alendo kuti aone nyumbayo ndi deralo, ndipo ndalama zake zinali kuthandiza ana a m'deralo. Anthu a mtundu womwewo umene unanenedwa kuti unaononga nyumbayi ndiwo anakhalamo mwaukhondo ndi mwamtendere pamene panapezeka woisamala.

Nyumba ina, ya pa Albert Street

Si nyumba zonse za pakati pa Johannesburg zimene zinachita mwayi wotere. Zambiri zinasiyidwa ndi eni ake, nizilandidwa ndi anthu amene amatolera lendi popanda kukonza kanthu. Imodzi ya izo inali pa nambala 80 Albert Street, ku Marshalltown, nyumba ya nsanjika zisanu imene m'masiku a tsankho inali ofesi ya mapasi, kumene anthu akuda anali kuima pa mzere kupempha chilolezo chokhalira mumzinda. Pambuyo pake inakhala malo othawirako amayi ozunzidwa, otchedwa Usindiso, kufikira inalandidwa. M'kati mwake anagawamo tizisakasa ta matabwa ndi makatoni, magetsi anali olumikiza mwakuba, ndipo njira zothawira zinali zotsekeka. Usiku wa pa 31 August 2023 moto unabuka, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana aang'ono. Pakati pa akufawo panali Amalawi ambiri ndithu. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, linapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda, amene anali eni nyumbayo, anali kudziwa za kuopsa kwake koma sanachitepo kanthu.

Tikalinganiza nyumba ziwirizi tiona kuti ya nsanjika 54 inapulumuka, pamene ya nsanjika zisanu inasanduka manda. Kusiyana kwake sikunali msinkhu, kapena mtundu wa anthu okhalamo, pakuti monsemo munali alendo ndi osauka. Kunali kwakuti imodzi inapeza woiyang'anira, ndipo inayo inatayidwa.

Zimene tiphunzirapo

Abale ndi alongo, mamembala a Bungwe lathu, akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wathu akamapita ku Joni timamfunsa za chiphaso, za ndalama za ulendo ndi za ntchito. Tiyeni tizimfunsanso za kumene akagone. Iye amene ali kale kumeneko alembe kumudzi dzina la msewu ndi nambala ya nyumba imene akukhalamo, kuti pakagwa tsoka abale asasowe poyambira. Asanapereke lendi adziwe amene akulandira ndalamazo, ngati ali mwini weniweni kapena wolanda, ndipo apemphe lisiti. Ayang'ane ngati masitepe othawira moto ali otsegula, ngati muli madzi, ndi ngati mawaya a magetsi ali olongosoka. Chipinda chotsika mtengo chimene chitseko chake cha kunja amachimanga ndi unyolo usiku ndi msampha, ndipo ndi bwino kupanikizana ndi abale m'nyumba yosamalika kusiyana ndi kukhala motakasuka m'nyumba yopanda mwini.

Chachiwiri ndi ichi: mbiri ya Ponte yationetsa kuti munthu wokhala yekhayekha m'dziko la eni amadyeredwa masuku pamutu. Mutu umodzi susenza denga. Anthu a boma limodzi okhala mumzinda umodzi adziwane, alembane maina, asonkhe kangachepe ka pa matenda ndi pa maliro, ndipo pamene mwini nyumba aleka kukonza, apite kwa iye ali gulu. Ndipo popeza mizinda yathu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ikukula, ndi malo omangapo akuchepa, nyumba zosanja zogonamo mabanja zidzachuluka kwathu kunonso. Mamembala athu amene adzamange nyumba zotere, kapena kukhala m'makhonsolo ovomereza mapulani ake, akumbukire kuti ndalama zomangira ndi gawo loyamba chabe. Pafunikanso ndalama za chaka ndi chaka zokonzera mipope, zikepe ndi madenga, ndiponso kuti okhalamo akhale ndi pokadandaula zinthu zikayamba kuonongeka.